Kwa msuweni wa ku Leicester, za batire lija

Halo... ikujambula iyi? Eya. Suweni, uthenga wako ndinauona m'mawa, koma manja anali girisi yekhayekha, ndiye ndinati ndidikire nthawi ya nkhomaliro. Akuluakulu a pagulu pano mundikhululukire, nditalikitsako pang'ono.

Wafunsa kuti pa mabatire awiri aja, la asidi la 110 Ah lotsika mtengo ndi la lithium la 100 Ah (Ah ndi muyeso wa magetsi amene batire limasunga), ugule liti loti liziyendetsa firiji ndi magetsi m'vani yako mukaima pogona. Koma iwe ndimakudziwa. Kuyambira uli mwana, ukafunsa kuti tithyole mango ati, umakhala utabisa kale atatu m'malaya. Chithunzi chachiwiri chija, chimene umati ukutionetsa makatani, ine ndachikulitsa. Pansi pa bedi pali bokosi la matabwa, lokhoma bwino ndithu, ndipo pakona pakusuzumira chogwirira cha batire. Lotsika mtengolo unagula kale, eti? Ukungofuna wina anene pagulu kuti wasankha bwino, alamu asafunse zambiri.

Chabwino, manambala kaye, poti ndi amene wafunsa. La asidilo alemba 110, koma zako ndi theka, 55. Ukamalitsitsa kupitirira theka tsiku ndi tsiku, silikhalitsa. Kafiriji ka kompuresa kamadya 30 mpaka 40 patsiku, uonjezere magetsi ndi mafoni a ana ako osachoka m'manja aja, ndiye kuti tsiku limodzi basi, lachiwiri mukuyang'anana. La lithium, lolembedwa LiFePO4, pa 100 utha kutapa 80 ngakhale 90, ndipo limalemera makilogalamu 12 kapena 13, pomwe linzakelo limafika 25 kupita m'mwamba. Kungoti la lithiumlo silifuna kutchajidwa kukazizira mpaka pansi pa madigiri 0, ndiye ulendo wa ku Scotland mu December ukuunenawo, uganizirepo. Komanso Transit yakoyo ndi ya 2017... ayi, ndanama, unati 2018. Zonsezo ndi za injini za mtundu wa Euro 6, alternator yake, imene imatchaja batire injini ikamalira, imatsitsa mphamvu ikaona kuti batire la injini lakhuta, ndiye relay wamba, switch yongolumikiza mabatire awiriwo, salidzazitsa lachiwirilo, la firijilo. Pamafunika tchaja ya DC-DC, yoikidwa pakati pa batire la injini ndi lachiwirilo. Kuno ku Johannesburg timaziika pafupipafupi pa ma Hilux ndi ma Land Cruiser opita ku Botswana.

Koma dikira kaye. Bokosi lako lija landikumbutsa amalume. Osati bambo ako, ayi, aang'ono, a ku Lizulu. Iwe unalipo 2010? Unanyamuka chaka cha maliro a agogo, ndiye eya, sunalipo. Inu munangouzidwa pafoni kuti diso lija analasidwa ndi nthambi kudimba. Sinali nthambi, suweni. Ine ndinalipo.

Amalume anali atagula sola imodzi ndi ndalama za mbatatesi, pamodzi ndi batire la lole logwirapo kale ntchito, kainveta kosintha magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba, ndi ka TV. Mlongoti anaumangirira pansungwi yaitali kuseri kwa nkhokwe. Regulator, kachipangizo koletsa sola kudzaza batire mopitirira muyeso, sanagule. Anati n'kuononga ndalama, dzuwa ndi laulere, waya uchoke padenga ulowe m'batire basi. Ndiye poopa akuba, chifukwa chaka chimenecho mabatire amasowa m'mudzimo ngati nkhuku, anakhoma bokosi la matabwa lokhala ndi loko, kabowo kamodzi kokha kolowera waya, n'kuliika pansi pa bedi lawo. Pamwamba amafunditsapo bulangete kuti mlendo asadziwe.

Ndiye Flames inathibula Algeria 3 kwa duu ku Luanda, pa 11 January. Iii, mudzi unapenga. Anthu anadzaza pakhonde mpaka ena kukwera mumtengo wa pichesi uja. Atatha mpira amalume anaimirira n'kulengeza kuti masewero otsatira, a Angola, aliyense abwere, koma kuyambira lero TV siyatsidwa, foni ya munthu sitchajidwa, ngakhale ya abusa, batire lidzaze mpaka pakhosi. Ukuwadziwa akalamula. Masiku atatu sola ikungothira, palibe chotapa, palibe choletsa. Mvula imagwa madzulo koma m'mawa dzuwa limaswa mtengo. Amayi ako aang'ono anadandaula kuti kuchipinda kukumveka fungo ngati mazira oola, ndiponso pansi pa bedi pakumveka kuwira ngati mphika wa nyemba. Amalume anati ndiye kukhuta kwakeko.

Pa 14, mdima utagwa, anthu asonkhana, ena abwera ndi mipando yawo kuchokera kutsidya. Amalume alowa kuchipinda, koloboyi kumanja. Ine ndinali pakhomo nditanyamula TV. Anagwada, kukoka bokosi, kutsegula loko, kukweza chivindikiro pang'ono, n'kuweramira momwemo kuti apanire waya wa inveta. Kaya ndi lawi la koloboyi kaya ndi waya unathetheka, zinachitikira pamodzi. Phuu! Ngati mfuti. Koloboyi anazima, anthu panja anabalalika, mipando kugubuduzika. Chivindikiro cha batire chinang'ambika, zidutswa zina tinazipeza mawa lake zitabaya denga la udzu... ayi, nthawi imeneyo anali atafolera kale malata, zinabaya mtanda. Asidi kumaso konse.

Amene anapulumutsa diso linalo ndi amayi ako aang'ono. Sanakuwe, sanathamangire mankhwala a zitsamba amene anthu anayamba kutchula. Anawakokera panja, n'kuyamba kuwathira madzi kumaso, mtsuko woyamba, wachiwiri, kutuma ana kumjigo usiku womwewo, kuthirabe osaleka. Kuchipatala anadzatiuza kuti madziwo ndi amene anathandiza. Ine ndi amene ndinawapalasa panjinga mpaka pamsewu, akundigwira m'chiuno, malaya awo a Flames atachita mabowomabowo. Njira yonse osadandaula za diso, amangofunsa aliyense tikukumana naye kuti zigoli zili bwanji. Tinagonja 2 kwa duu. Mpaka lero akamatchula tsiku limenelo amayambira pa zigolizo. Magalasi akuda aja amavala paukwati wa mlongo wako, anayambira pamenepo.

Hmm... pepa, ndinaima pang'ono. Nkhani imeneyi sindinaifotokozepo pagulu.

Ndiye tamvera, suweni. Batire la asidi likamatchajidwa, makamaka likayandikira kudzaza, cha m'ma 14.4 volts kupita m'mwamba, madzi a m'katimo amasanduka mpweya. Hydrogen. Sununkha (fungo la mazira lija ndi la mpweya wina), suoneka, ndi wopepuka, umakwera n'kukaunjikana pamwamba pa bokosi. Ukangofika magawo 4 pa 100 a mpweya wa m'bokosimo, kuthetheka kamodzi kokha kwakwana. Nkhani yako si 110 kapena 100 ayi. Batire la asidi usalitsekere pansi pa bedi la ana lopanda njira yopumira kunja kwa vani.

Kukonza kwake sikovuta. Yang'ana m'mbali mwa chivindikiro cha batirelo, upeza kabowo kakang'ono, nthawi zambiri uku ndi uku. Kamodzi umalowetsamo kapaipi kopyapyala, n'kuboola pansi pa vani kuti katulukire kunja, osapindika, osapanikizika ndi katundu. Kabowo kachiwiriko umakatseka ndi kachotsekera kake. Bokosilo likhale lomata bwino mbali ya m'kati mogona anthu, koma likhale ndi potulukira mpweya cha kumwamba kwake, kolozanso kunja. Apa anthu amasokoneza ndi gasi wophikira. Wophikira ndi wolemera, amatsika, n'chifukwa chake kabati yake amaiboola pansi. Wa batire amakwera. Ndiye awiriwa asagone chipinda chimodzi, botolo la gasi kwake, batire kwake. Ndipo usandiuze kuti lako ndi AGM, mtundu uja wa batire la asidi umene amalemba kuti ndi lomata. Lomatalo lili ndi valavu, tchaja ikalakwitsa limatulutsa mpweya womwewo. Vuto lake ndi locheperako, eya, koma m'bokosi lotsekeratu ayi.

Zina ziwiri, ndisaiwale. Fyuzi ikhale pafupi penipeni ndi mutu wa pulasi, ndipo waya wochokera kutsogolo ukhale ndi fyuzi mbali zonse ziwiri, chifukwa uku kuli batire, ukonso kuli batire. Komanso ulimange ndi lamba womangidwa ndi mabawuti pansi pa vani, osati patimatabwa ta bedi. Makilogalamu 25 ukaponda buleki mwadzidzidzi pa M1, yanuyo, osati yathu yodutsa pa Lizulu, amauluka kulunjika kumene kwakhala ana.

Ukadzamva fungo la mazira oola, kapena batire latentha, kapena latupa m'mbali, tulutsa ana, tsegula zitseko zonse, zimitsa tchaja pa switch yake, mawaya a pabatire usawakhudze mpaka lizizire. Alamu ya carbon monoxide, ndikhulupirira unagula... ikalira popanda chimene chikuyaka, kayang'anenso batire, chifukwa hydrogen nayenso amatha kuiliza.

Ukufuna kuseka, ndikudziwa, uziti msuweni wayamba ulaliki ngati bambo ake. Seka, koma bokosi lijalo mmene lililimu ana asagonepo pamwamba batire likutchajidwa. Kapaipi kayambe katuluka kunja. Ngati kuboola pansi pa vani ukuopa, poti pansipo pamadutsa mapaipi a mafuta ndi a mabuleki, pita kwa amakanika a zamagetsi akuboolere, ndi ntchito yaing'ono. Kapena libweze kusitolo ngati lisiti ulinalo, uonjezere ndalama utenge la lithium. Limenelo likamagwira ntchito bwinobwino silitulutsa mpweya, ndiye pansi pa bedi likhoza kukhala, bola fyuzi ndi lamba zikhalepo. Ndalama ya makatani a maluwa aja inapezeka, ya ichi ipezekanso.

Eya, ndikubwera bwana, mphindi imodzi... Suweni, kasitomala wafika. Madzulo ano unditumizire zithunzi ziwiri, china cha pamene alemba dzina ndi manambala, china cha m'mbali mwa chivindikiro, ndione ngati kabowo kalipo. Ndisanaone zimenezo, batire limenelo lisatchajidwe lili m'bokosi lotseka, wamva? Ulitulutse, uliike mugalaja, zenera lotsegula. Upereke moni kwa alamu ndi ana. Ndipo amalume a ku Lizulu uwaimbire, sabata yatha amandifunsa ngati nambala yako inasintha.