Injini ya Corolla yakale ndi zimene timakumana nazo pa msewu wa ku Joni

Achimwene, mwati Corolla yanu ya AE110 yayamba kufuka utsi ndi kumwa oyilo, m'thumba muli mopepuka, ndiye mukufunsa kuti mugule injini yanji komanso ifeyo ogulitsa injini timazibweretsa bwanji. Musanapereke tambala kwa ine kapena kwa wina aliyense, makaniko ayeze kaye compression, mphamvu imene injini imapanikizira mpweya m'kati mwake. Utsi wabuluu ukamatuluka poliza m'mawa pokha kenako n'kusiya, nthawi zambiri amakhala ma valve seal, timalabala totchinga oyilo pa ma valve, ndipo amenewo safuna injini ina. Apa ndikudziphera msika ndekha, koma sindifuna mudzanditukwane mawa.

Ngati injini yathadi, yanuyo ndi 5A-FE ya malita 1.5, ndiye gulani 5A-FE. Alipo amene adzakunyengererani kuti muike 4A-FE ya 1.6 kapena 7A-FE ya 1.8, ati imalowa bwinobwino ndipo galimoto idzauluka. Kulowa imalowadi, koma imafuna kompyuta yake ndi mawaya ake, ndipo ndalama imene mumati mwasunga idzathera kwa wa zamagetsi. Za 1NZ-FE ya mu Probox chotsani m'mutu, imeneyo n'kumanga galimoto ina. Ngakhale 5A-FE yomweyo simangonyamula iliyonse: ya mu Corolla ya AE100 ndi ya mu AE110 zimatha kusiyana ma sensor ndi mapulagi a mawaya. Jambulani yanu mbali zonse musananyamuke, ndipo munene ngati giyabokosi yanu ndi ya manual kapena automatic.

Ine ndimagula zochokera ku Japan zimene zimatsikira ku Durban n'kudzaunjikidwa m'mayadi a ku Johannesburg. Ku Japan kuli kuyeza galimoto kokhwima ndi kodula kumene amati shaken, ndiye anthu amataya galimoto injini idakali ndi moyo. Yochotsedwa m'galimoto ya ku South Africa komweko ndi nkhani ina, imeneyo yadya msewu wautali. Vuto n'lakuti zonsezi zikatsukidwa zimafanana, ndipo wogulitsa aliyense amalumbira kuti yake ndi ya ku Japan yoyenda pang'ono. Ine injini yowala kwambiri ndimaiopa. Ndimafuna yafumbi, kuti ndione ndekha pamene oyilo amadontha. Ndimatsegula chitsekerero cha oyilo, ndikapeza zoyera ngati chambiko ndimadziwa kuti madzi analowa. Ndimamasula ma plug, ndimazunguza crank ndi sipanala. Anyamata a m'mayadimo amandidziwa, akandiona amabisa zinyalala zawo.

Koma mu November 2023 ndinaona zakuda. Eni minibasi anandipatsa ma deposit a injini za dizilo za Hiace, 3L ndi 5L, zimene zimadula kuposa za Corolla kutalitali. Ndalama sinakwane, ndinawonjezera ya katapila, poganiza kuti katundu akangofika ndibweza. Ndinagula, tinakweza pa thiraki ya munthu wina pamodzi ndi katundu wa amalonda anzanga. Tinaoloka Beitbridge, tinadutsa Harare, Nyamapanda, tinaoloka Zambezi ku Tete, zonse bwino. Tikulowa kwathu kuno, pa boda imene sinditchula, bwana wina anayang'ana invoice yanga n'kunena kuti ndi yabodza, injini sizingagulidwe mtengo umenewo. Munthu woti sanayambe wagwirapo sipanala, 3L ndi 5L sangazisiyanitse, akundiuza ine mtengo wa injini! Anaika mtengo wake wa m'mutu, kuwerengera ngati zatsopano. Ndinamuonetsa malisiti onse, ngakhale nambala ya foni ya wogulitsa. Anangoti bwana wamkulu kulibe, ndibwere mawa. Mawa lake analinso mawa. Aliyense ankadziwa chimene chinkafunika, kangachepe, koma ine ndinakana chifukwa mapepala anga anali oona.

Tili chikhalire pamenepo, pa 9 November kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola n'kufika pa K1,700. Msonkho amawerengera pa mtengo wa katundu atausandutsa makwacha, ndiye tangoganizani. Ndalama imene ndinasungira msonkho inachepa usiku umodzi. Mwini thiraki ankandilipiritsa tsiku lililonse limene galimoto yake yaima, anzanga a katundu wina ankandiyang'ana ngati ndine ndawalodza, wa katapila foni osaleka. Ndinkagona pansi pa thiraki, kudya chimanga chootcha. Eni minibasi nditawauza kuti awonjezere, anati tinagwirizana kale mtengo, ndipo sindikanawatsutsa. Ndinagulitsa poloti yanga imene ndinali nditaumbira kale njerwa. Mayi a kunyumba sanandiyankhule kwa nthawi, ndipo mpaka lero tikadutsa pamalopo amayang'ana kumbali.

Katundu atatuluka, 3L imodzi inapezeka ndi mng'alu pa head, chigawo cha pamwamba cha injini. Wogulitsa uja anali atamata bwinobwino moti kunja sunkaoneka, unadzaonekera injini itatentha pa msewu wa Zalewa. Nditamuimbira anati guarantee yake inatha masiku amene ndinali pa boda aja. Mwini minibasi ndinamugulira head ina ndi ndalama yanga. Palibe ngakhale mmodzi amene anataya deposit yake kwa ine, kafunseni m'madepoti. Anzanga ena a nthawi imeneyo anazimitsa mafoni n'kuthawira ku Joni, ine ndilipobe pamalo pomwepa.

Ndiye mukamva mtengo wathu n'kumati tikukuberani, muzikumbukira kuti muli ma rand ogula movutikira, thiransipoti ya mayiko atatu, wa clearing, msonkho, ndi mabwana ongofuna kukuchedwetsa kuti utope. Ena amadzera ku Dar es Salaam n'kulowera ku Songwe, koma kumenekonso minga ndi yomweyi. Musaganize zopita nokha kukatenga injini imodzi, ya basi ndi malo ogona zokha zidzadya phindu lonse.

Tibwerere kwa Corolla yanu. Mukapeza half-cut, ndiye kuti galimoto yodulidwa pakati, injini ili momwemo ndi mawaya ndi kompyuta yake, ndipo thumba likulola, tengani imeneyo, chifukwa ina amatha kukulizirani muli pomwepo. Ngati ndalama ndi ya injini yokha, musaithere yonse pogula. Sungani ina yogulira timing belt, water pump, thermostat, ma seal a crank, oyilo ndi fyuluta. Zimenezi amasintha injini idakali pansi, osati itakwera kale. Radiator yanu ayitsuke kapena muisinthe. Ndatopa ndi anthu obwera kudzalalata kuti ndinawagulitsa chakufa, pamene radiator imene inapha injini yoyamba ndi yomwe yaphanso yachiwiri. Ndipo makaniko akakuuzani kuti aitaye thermostat poti ndi ya kumayiko ozizira, musinthe makanikoyo.

Injini yakaleyo musaisiyire ku galaja. Alternator, starter ndi distributor zake mudzazifuna, ndipo zimenezi zimasowa msanga mukangotembenuka.

Lisiti likhale ndi nambala ya injini, ndipo muiwerenge nokha pa block, thupi la injiniyo, osati kungomvera. Nambala ikaoneka yopalidwa kapena yodindidwanso, thawani ngakhale atakutsitsirani theka, chifukwa apolisi akadzaipeza wogwidwa ndi inu. Wogulitsa akupatseninso kope la pepala la msonkho, mudzalifuna pokasinthitsa nambala ya injini mu blue book ku Road Traffic. Za guarantee mugwirizane polemba, ndipo masiku ake ayambe kuwerengedwa tsiku loliza injini, osati tsiku lolipira. Ine ndimapereka, koma mukatsegula injini musanandiitane, musabwerenso kwa ine.