Ndikudikira kuti Mulungu andiyankhe kaye: kodi ndikulakwitsa?

Mayi wina wandilembera imelo. Akuti MSCE sanakhoze bwino, ndipo akufuna kukalembanso kudzera kusukulu yamadzulo. Koma chaka chilichonse amayamba kulingalira: fizi ichokera kuti, ana awasiyira ndani, anthu akumpingo adzati chiyani akadzalepheranso. Amapemphera kuti Mulungu awaonetse chizindikiro, mpaka a MANEB kutseka kalembera.

Mayi, kuwerengera si tchimo. Pa Luka 14:28 Yesu mwini akuti wofuna kumanga nsanja ayambe wakhala pansi n'kuwerengera ndalama zake. Koma masamu amenewo amatha. Inu mwawerenga kale, mwabwerezanso, ndipo zomwe zikukusowetsani tulo pano si masamu ayi, ndi mantha ovala zovala za pemphero. Pepani, ndalankhula mosapsatira.

Taonani za Paulo pa Machitidwe 16. Anafuna kukalalikira ku Asiya, Mzimu Woyera anamuletsa. Anayesa kulowa ku Bituniya, analetsedwanso. Ndiye anatsikira ku Trowa, ndipo kumeneko ndi komwe anaona masomphenya a munthu wa ku Makedoniya akumuitana. Mtumwi wamkulu chonchi analunjika kolakwika kawiri konse! Masomphenya aja anamupeza ali paulendo, fumbi lili kumapazi, osati ali pakhonde ku Antiokeya. Ansembe a pa Yoswa 3 nawonso anachita kuponda m'madzi a Yordano, mtsinje uli wosefukira, madziwo n'kuima pambuyo pake.

Mwina munena za Gideoni, yemwe anapempha Mulungu chizindikiro pogwiritsa ntchito ubweya wankhosa. Inde, Mulungu anamulezera mtima. Komatu iye ankapita kunkhondo yokamenyana ndi Amidiyani, osati kukatenga fomu. Akuluakulu anati ndionetsetse adathetsa nkhosa.

Za anthu akumpingo musavutike nazo. Adzalankhula sabata imodzi, kenako adzapeza wina.

Chinthu chimodzi ndisaiwale: ngati maganizowa akukulepheretsani kudya ndi kugona kwa masabata angapo, pitani kuchipatala mukafotokoze. Kutero sikuchepa chikhulupiriro.

Apo ayi, Lolemba likubwerali pitani kusukulu yasekondale yomwe muli nayo pafupi. Mukafunse aphunzitsi aakulu ngati ali ndi makalasi amadzulo, fizi yake ndi zingati pateremu, komanso kalembera wa mayeso ayamba liti. Mulembe papepala, ndipo madzulo ake mupempherere pepala limenelo. Muuzenso mnzanu mmodzi wakumvano amene sachita manyazi kukufunsani kuti, "Munapita kodi?"