Kodi Zone kapena Timing, yofanana ndi baseball yeniyeni ndi iti?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa wowerenga wina amene wangoyamba kumene kusewera MLB The Show, gemu ya baseball ya pa TV. Akuti iye amamenya mpira ndi Timing, koma mnzake amamuseka kuti imeneyo ndi ya ana, akatswiri amagwiritsa ntchito Zone. Ndiye akufunsa: pa njira zomenyera zomwe zili m'magemu a baseball, yoyandikira zenizeni ndi iti?

Achimwene, tiyambe taona zomwe womenya weniweni amakumana nazo. Woponya amaima pa mtunda wa mamita 18.44 kuchokera pa home plate, pomwe womenya amaima. Mpira wothamanga makilomita 153 pa ola umafika m'masekondi pafupifupi 0.4, kuphethira kamodzi basi. M'kanthawi kameneko munthu azindikire ngati ndi fastball (mpira wothamanga molunjika) kapena curveball (mpira wokhota), aone ngati udutse mkati mwa strike zone (malo a pamwamba pa home plate omwe mpira woponyedwa bwino umadutsa) kapena kunja, kenako asankhe kumenya kapena kuusiya. N'chifukwa chake womenya bwino katatu pa maulendo 10 amatamandidwa kuti ndi katswiri. Ted Williams, katswiri womenya wa ku America, anafika pa .406 mu 1941 (kupitirira pang'ono kanayi pa maulendo 10), ndipo kuchokera pamenepo palibe amene wamaliza sizoni pa .400 mu American League kapena National League, maligi awiri akuluakulu a baseball ku America.

Ntchito yaikulu ya womenya ili m'maso ndi m'mutu, manja amangotsatira. Njira iliyonse ndimaiyesa ndi muyeso umenewu.

Timing imakufunsani chinthu chimodzi chokha: mwadina batani pa nthawi yake? Zoti ndodo yakumana ndi mpira pati, gemu imawerengetsa yokha poona luso lomwe wosewerayo anapatsidwa. Njira ina, Directional, imangoonjezera mwayi wolozera mbali yomwe mukufuna mpira upite. Zone ndiye imakupatsani kachizindikiro kotchedwa PCI, komwe mumakayendetsa ndi chala chachikulu chakumanzere kuti kapezane ndi mpira. Nzeru imeneyi si yatsopano ayi, a Konami ku Japan akhala akugwiritsa ntchito kachizindikiro kotere mu Jikkyō Powerful Pro Yakyū, gemu yomwe inayamba mu 1994.

Ine ndili kumbali ya Zone, ngakhale kuti womenya weniweni sayendetsa kachizindikiro. Ndimaikonda chifukwa imalanga zolakwa zomwe baseball yeniyeni imalanga. Usiku wina ndinakumana pa intaneti ndi munthu amene anaona msanga kuti chala changa chimathamangira pansi mpira usanachoke n'komwe m'dzanja la woponya. Anayamba kundiponyera fastball m'mwamba, PCI yanga ili pansi, ndodo n'kumangodula mphepo. Nditati ndikweze, anandipatsa slider (mpira wokhotera kumbali) yotsika, yothawira kunja, ine n'kuithamangira. Manja anachita thukuta mpaka kontrola kuterera. Munthu uja anandiwerenga ngati mmene woponya amawerengera womenya, ndipo pa Timing sakanapeza chizolowezi cha chala changa choti achidyerere.

Koma mnzanuyo asadzitame kwambiri. Zone ili ndi bodza lake. Munthu wa chala chakuthwa amatha kutenga wosewera wofooka n'kumamenya naye ngati Aaron Judge, katswiri womenya wa ku America. Gemu imayesa kuletsa zimenezi pochepetsa PCI ya wosewera wopanda luso, koma chala chimapambanabe. Ngati mukufuna kuti zotsatira za sizoni yonse zifanane ndi za osewera enieni, Timing ndi Directional zimalemekeza luso lawo kuposa Zone. Choncho si za ana.

Magemu omenya pogwedeza mkono musanyengeke nawo. Wii Sports, gemu ya Nintendo ya 2006, inkaoneka ngati baseball chifukwa munthu ankaimirira n'kumenya ndi rimoti, koma ambiri anatulukira kuti kungopotokola dzanja uli khale pampando n'kokwanira.

Njira yomwe ndimaikumbukirabe ndi Hitter's Eye ya mu MVP Baseball 2005 ya EA Sports. Mpira unkasintha mtundu uli m'dzanja la woponya, kukupatsani chizindikiro cha zomwe zikubwera. Poyamba zinkaoneka ngati kubera, koma opanga gemuyo anazindikira chinthu chachikulu: womenya weniweni amaona kagwiridwe ka mpira ndi kazunguliridwe kake, zinthu zomwe sikirini imabisa. Anapeza njira yobwezera maso zomwe TV inawalanda.

Mukafuna kuyesa Zone, musayambire pa intaneti, angakufooketseni tsiku lomwelo. Sankhani kamera ya mu gemu yotchedwa Strike Zone, tsegulani Game Mode pa TV yanu kuti chithunzi chisamachedwe, ndipo lowani mu Practice, gawo lophunzirira la mu gemu. Mipira 10 yoyamba musamenye. Ingoyang'anani dzanja la woponya, muzinena mokweza kuti uwu ndi strike, uwu ayi, PCI muisiye pakati mpaka mpira utachoka m'dzanja lake.