Za IL-6 ija, azakhali

Azakhali, mwaswera bwanji, ndi nonse muli mu gulupu muno. Pepani ndayankha mochedwa, ndangoweruka kumene ku labu, ndipo netiweki ya kuno ku Chibavi mukuidziwa kale mvula ikayamba kuwaza. Uthenga wanu ndaumvera kawiri. Mukuti msuweni wanga wapeza pa intaneti kuti akayeza IL-6 m'magazi amadziwa ngati khansa ya pakhosi ya ankolo idzabwerere, ndiye mukufunsa ngati tisonkherane akayezetse ku pulaiveti. Ine ndikuti ayi, tisasonkhere zimenezo. Koma ndifotokoze kaye, mungamati mwanayu waumira.

Msuweni sananame. Asilikali a m'thupi aja, maselo oyera a m'magazi, amayankhulana. Pakamwa alibe, ndiye amatumizirana timapuloteni ting'onoting'ono, ife ku labu timati ma cytokine. IL-6 ndi kamodzi mwa timeneto, kulinso IL-8, TNF, ndi tina tambirimbiri. Zili ngati mfuu ya usiku wakuba akalowa pakhomo, wina akangokuwa mudzi wonse umadzuka. IL-6 ikakwera thupi limatentha, chiwindi chimayamba kupanga CRP, puloteni yosonyeza kutupa m'thupi ija timayeza ife. Tsono khansa ndi yochenjera moipa. Chotupacho chimapanga chokha IL-6 ndi IL-8, ndipo IL-8 imathandiza kuti timitsempha tatsopano ta magazi timere n'kumachidyetsa. Ndiye kuti wakuba uja ndi amene akukuwa, anthu akubwera mothamanga n'kumamusenzetsa katundu.

Mu 2008 a ku University of Michigan ku America anatulutsa kafukufuku wa odwala 444 a khansa ya mkamwa ndi pakhosi. Anapeza kuti amene IL-6 yawo inali yokwera asanayambe chithandizo, khansa inkawabwerera kwambiri ndipo ankafa msanga kusiyana ndi anzawo. Ndikhulupirira zomwe wawerenga msuweni n'zangati zimenezi. Koma azakhali, tamverani bwinobwino apa. Zimenezo zikunena za gulu la anthu mazanamazana. Sizikuuza munthu mmodzi kuti iwe zako zidzatha chonchi. Mu gulu la okwera lija munali anthu amene anachira, mu gulu la otsika munalinso amene khansa inawabwerera.

Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chimandivuta kwambiri kwathu kuno, IL-6 siikwera ndi khansa yokha. Malungo amaikweza. TB imaikweza. Dzino lobooka lotukusira mafinya limaikweza. Ankolo mwezi watha uja ankatsokomola kwambiri, pamene mkamwa muli kale chilonda. Tikayeza lero ipezeka yokwera basi, ndiye tidzati yakwera ndi chiyani? Mudzangosowa tulo pachabe. Komanso nambala yoti apa ndiye pa malire, madokotala sanagwirizanepo, kafukufuku aliyense amadula pakepake.

Ndiye funso lomwe ine ndimadzifunsa ndisanauze munthu kuti akayezetse kanthu ndi ili: zotsatira zikabwera, adokotala asintha chiyani? Pa IL-6 palibe chomwe angasinthe. Ikhale yokwera, ikhale yotsika, opaleshoni ndi yomweyo, kuwotcha ndi radiation n'komweko, chemo ndi yomweyo. Kulipo kuyeza kwina, PD-L1, komwe kumathandizadi kusankha mankhwala a pembrolizumab, amene ku America anawavomereza mu 2019 kuti azikhala oyambira pa khansa yamtunduwu ikafalikira kapena ikabwerera. Koma sitinamve kuti ankolo afika pamenepo, ndipo mtengo wake tisaukambe n'komwe.

Zomwe zimauzadi adokotala mmene zinthu ziliri zili kale m'buku la kuchipatala lija. Mukapita ku chipatala cha Central Lachiwiri mukafunse zinthu izi, mulembe papepala kuti musaiwale. Chotupacho n'chachikulu bwanji, kodi chafika m'anabele a m'khosi, nanga chapita kwina ngati kumapapo. Zitatuzo akaziphatikiza ndiye amati siteji. Ndipo poti chawo chili cha kumatonsozi, mukafunse ngati kanyama anadula kaja kangayezedwe p16. Imeneyo imasonyeza ngati khansayo yabwera ndi HPV, kachirombo komwe kaja ka khansa ya khomo la chiberekero, ndipo ya mtundu umenewo imamva chithandizo bwino kuposa ya fodya ndi mowa. Safunika kuwadulanso, amayeza pa kanyama komweko.

Eya, ndisanaiwale. Msuweni, usasakanize ndi khansa ya kummero, ya njira yopita chakudya m'mimba ija. Imeneyo ku Malawi kuno ndi yochuluka zedi, koma ndi matenda ena, manambala ake usawaike pa bambo ako.

Ndalama tikanasonkhazo tisonkhebe, koma zipite pa thiransipoti ya ku Lilongwe ngati awatumiza ku Cancer Centre, chifukwa radiation si ya tsiku limodzi, imatenga masabata sikisi kapena seveni ndipo owadikirira nawo ayenera kudya. Zina zigule chakudya. Munthu akaonda kwambiri chithandizo chimamulaka, nthawi zina mpaka amachiimitsa panjira. Phala la likuni lothira chiponde, mazira, mkaka, usipa wosinja, nthochi zopota, pang'onopang'ono koma pafupipafupi poti kumeza kukuwawa. Mano akawaonetse asanayambe kuwotcha, obooka amafunika kuchotseratu. Ndipo fodya uja, azakhali, ndikudziwa amabisa kuseri kwa khitchini. Akamasuta ali pa radiation mphamvu ya chithandizocho imachepa, zimenezo muwauze kuti ndanena ndine, akwiyire ine.

Ndifika Loweruka m'mawa ku Chiputula. Mundisungire bukulo ndi pepala la zotsatira za kanyama kaja, ndidzawerenge ndekha, ndipo ndibwera ndi sikelo tiwayeze kulemera.