Kalulu ali ndi nkhanambo m'makutu: kodi ndizimatule?

Mayi wina watilembera imelo kuti kalulu wa ana awo, wolemera makilogalamu 2, akungokanda makutu ndi miyendo yakumbuyo, akupukusa mutu pafupipafupi, ndipo m'makutu mwadzaza nkhanambo zofiirira. Akufunsa ngati angazimatule n'kupakamo mafuta.

Mayi, chonde musazimatule. Zimene mwafotokozazo n'zizindikiro za mphere ya m'makutu, imene imadza ndi tizilombo totchedwa Psoroptes cuniculi. Timakhala pakhungu la m'khutu, khungulo limatupa n'kumatuluka timadzi, timadzito tikauma ndiye nkhanambozo. Pansi pake pali chilonda chachiwisi. Mukamatula, kalulu amamva ululu woopsa, magazi amatuluka, ndipo ntchentche zikaikirapo mazira mumayamba mphutsi. Tizilombo tikafa, nkhanambo zimayoyoka zokha pakatha sabata imodzi kapena ziwiri.

Mankhwala ake ndi ivermectin, yemwe uja amabaya ng'ombe ndi mbuzi, koma ngozi yagona pa muyezo. Kalulu amafuna mamiligalamu 0.4 pa kilogalamu iliyonse. M'botolo lolembedwa 1%, mililita imodzi imakhala ndi mamiligalamu 10, ndiye wanuyo akufunika mamililita 0.08 basi. Sirinji ya mbuzi singayeze pang'ono chonchi. Pamafunika ya insulin, ija ya odwala shuga, yolembedwa U-100, kukokera mpaka pa mayunitsi 8. Muyezeni kaye kaluluyo pa sikelo, osangoyerekeza ndi maso, ndipo abaye ndi dokotala kapena mlangizi wa ziweto, pansi pa chikopa cha kumbuyo kwa khosi. Ivermectin akachuluka kalulu amanjenjemera, amafooka, mwinanso kufa.

Jekeseni imodzi siikwana. Mankhwalawa sapha mazira, ndipo kuchoka pa dzira kufika pa kachilombo kakakulu pamatenga masiku pafupifupi 21. Choncho abayidwe katatu, motalikitsa ndi masiku 14. Ambiri amalekera pa yoyamba poona kuti makutu ayera, mwezi usanathe kalulu wayambiranso kukanda. Ngati dokotala ali ndi selamectin, wodonthezera pakhungu la pakhosi, ameneyonso amagwira bwino. Mupempheninso mankhwala a ululu monga meloxicam, chifukwa kalulu akamamva kuwawa amasiya kudya.

Za mafuta zija: madontho awiri kapena atatu a mafuta ophikira oyera amafewetsa nkhanambo n'kutsamwitsa tizilombo tina, koma safika pansi penipeni pa khutu, ndipo ngati kachikopa kopyapyala ka mkati kaboka amalowerera n'kuwononga. Oilo wakuda wa galimoto, parafini ndi dibi wa ng'ombe zisayandikire n'komwe. Mankhwala a utitiri wa agalu okhala ndi fipronil, monga Frontline, amachititsa kalulu kukomoka n'kufa. Makapisozi a amoxicillin nawonso musam'mwetse: amapha tizilombo tothandiza kugaya chakudya m'matumbo mwake, amatsegula m'mimba, nthawi zambiri sapulumuka.

Khola nalo lifunika kuliganizira, chifukwa tizilomboti timatha kukhala masabata atatu kunja kwa thupi, m'maudzu ogonera ndi m'ming'alu ya matabwa. Tenthani udzu wonse, tsukani khola ndi madzi otentha a sopo, liume padzuwa, ndipo ngati n'kotheka kaluluyo akhale kwina kwa mwezi wathunthu. Akalulu onse okhala limodzi alandire mankhwala, ngakhale amene akuoneka bwino. Mpherezi zimayenda kwambiri pobwerekana wamphongo, choncho kalulu wachilendo aliyense muzimuunika m'makutu ndi tochi asanalowe m'khola.

Chimene chikutidetsa nkhawa kwambiri n'china. Mukaona mutu wapendekera mbali imodzi, maso akuthamangathamanga okha, kalulu akuzungulira kapena kugubuduzika, ndiye kuti vuto lili mkati mwenimweni mwa khutu kapena mu ubongo. Kawirikawiri ndi mabakiteriya monga Pasteurella multocida, kapena kachilombo ka Encephalitozoon cuniculi, kamene mankhwala ake ndi fenbendazole kwa masiku 28. Ivermectin pamenepa sathandiza. Thamangirani kwa dokotala tsiku lomwelo. Mafinya a kalulu ndi olimba ngati mankhwala otsukira mano, satuluka okha, n'chifukwa chake chotupa cha mafinya chikatuluka patsinde pa khutu nthawi zambiri chimafuna opaleshoni. Akalulu a makutu ogwa ndiwo amavutika nacho kwambiri, poti njira ya m'khutu mwawo ndi yopindika ndipo litsiro limaunjikana. Wotero muzimupapasa patsinde pa makutu sabata iliyonse.

Pomugwira kuti alandire mankhwala musam'nyamulire makutu. M'kulungeni m'tawulo, dzanja limodzi pachifuwa, lina lichirikize kumbuyo, chifukwa akaphiriphitha mwamphamvu msana umatha kuthyoka. Ndipo akatha maola 12 osadya kapena osachita ndowe, musadikire tsiku la jekeseni yotsatira; matumbo a kalulu akaima, pasanathe masiku awiri akhoza kufa.