Kodi Ndingasinthe Ndekha Oyilo wa Galimoto?

Funso: Bambo makaniko, ndili ndi Toyota Corolla ya injini ya 1NZ. Ndalama za kugalaja zikundichepera. Kodi ndingasinthe oyilo ndekha pakhomo? Mayi wa ku Kasungu.

Yankho: Mungathe ndithu, mayi. Gulani malita 4 a oyilo wa 5W-30 ndi fyuluta yatsopano. Injini imeneyi imamwa malita 3.7 mukasintha ndi fyuluta yomwe.

Lizani injini mphindi zisanu kuti oyilo asungunuke, kenaka zimitsani. Apa ndimvereni bwino: musalowe pansi pa galimoto itangokhala pa jeke. Ndinaonapo jeke ikutsetsereka pa dothi lofewa, ndipo mpaka lero mtima umandigunda ndikakumbukira. Imikani pamalo olimba ndi osalala, kokani handibuleki, tsamiritsani galimotoyo pa zitsulo zochirikizira, matayala akumbuyo muwatchinge ndi miyala.

Ikani beseni pansi, masulani bawuti yotulutsira oyilo ya kunsi kwa injini ndi sipanala ya 14, oyilo atsike mpaka adonthe pang'onopang'ono. Kamphete ka pa bawutiyo kasintheni, n'kotchipa koma kakatha kamadonthetsa. Bwezerani bawutiyo muimange, kenaka masulani fyuluta yakale. Pa labala ya fyuluta yatsopano pakanipo oyilo pang'ono, muimange ndi dzanja basi.

Mukathira oyilo watsopanoyo, lizaninso injini, zimitsani, dikirani mphindi zingapo, muone kuti oyilo ali pakati pa zizindikiro ziwiri za pa kandodo koyezera.

Ndi fumbi la misewu ya kwanuko, ine sindingadutsitse makilomita 5,000. Oyilo wakaleyo musamutaye pansi kapena m'ngalande, amawononga madzi a m'zitsime. Muikeni m'chigubu mukasiye kugalaja.