Msuku uja sukufa ayi, achemwali

Eee achemwali, mwaswera bwanji kumeneko ku Chitakale? Ndamva funso lanu. Mwati pokumba dzenje la zinyalala pansi pa msuku simunapeze timizu, koma kufupi ndi bulugama khasu limangokodwa, ndiye mukuopa kuti msukuwo ukufa. Ayi, musaudule chonde.

Mizu ikuluikulu ija ntchito yake ndi kugwiriziza mtengo, kusunga chakudya ndi kupititsa madzi kumtunda. Yomwa madzi kwenikweni ndi timizu tating'ono ngati ulusi, tosakwana mamilimita 2 kunenepa kwake. Timeneti sitikhalitsa, timafa n'kumeranso. Ndiye Okutobala uno dothi lapamwamba lauma gwaa, tambiri tapamwambapo tafa kale, mtengo ukudalira mizu yakuya. Ndi khalidwe la mitengo ya m'tchire mwathu muno, msuku, mombo, mchenga. Simuona mombo ukuphukira masamba ofiira mu Sepitembala mvula isanadonthe n'komwe? Umakhala ukudya zomwe unasunga. Mvula ikangolowa pansi bwinobwino, kaya mu Novembala kaya Disembala, mukapalase pang'ono ndi chala pomwepo, muona timizu toyera tatsopano tili mbwee pansi pa masamba owola.

Ndipotu bowa wa m'tchire amene mumakazula mu Januwale uja amakhala pa timizu timeneti. Bowa amathandiza mtengo kukoka madzi ndi mchere wa m'nthaka, mtengo n'kumamupatsa chakudya. N'chifukwa chake tchire likatha ndi makala, bowa nayenso amatha.

Bulugama ndi nkhani ina, ndi mlendo uja, kwawo ku Australia. Sayoyola masamba, sapuma, paliponse pali chinyezi timizu take tafika kale. Kuno kwathu chiperoni cha mu Juni ndi Julayi chimamuwonjezeranso mphamvu. Ku maesiteti amamudzala kuti apeze nkhuni zowumitsira tiyi, kumeneko ndiye malo ake, koma m'mphepete mwa munda wa chimanga, aaa, ine ndimakana. Alamu amve zimenezi.

Ndiye dzenjelo, ngati simunamalize, lisunthireni kunja kwa mthunzi wa msuku, ndipo masamba ouma pansipo musamatenthe, moto umapsereza timizu tapamwamba. Mbande za mbawa zija mumanena dikirani kaye. Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala, koma inu muyang'ane dothi, likanyowa mpaka m'kati dzalani msanga, kuti timizu tigwire mvula isanathe mu Epulo. Masuku akapsa mutumize ana andipatsireko.